Sokawe, French drain kapena thanki yotseka: odula mapoloti ku Kasungu kuno kumbani kaye musanazike mabikoni

Chiyambireni anthu kudula minda ndi maesiteti akale a fodya kukhala mapoloti, funso limene ndatopa nalo pa foni ndi lakuti achimwene, sepitiki yabwino ndi iti. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi, wina akafunsanso ndizingomutumizira. Za kamangidwe ka thanki ya sepitikiyo, imene imalandira zonyansa za m'chimbudzi chogejemula, sinditayapo nthawi, bilidala aliyense amadziwa zoti imakhala ya zipinda ziwiri, choyamba chachikulu kawiri kuposa chachiwiri, ndipo thanki payokha siisankha dothi bola simenti ikwane. Nkhani yagona pa madzi otuluka mu thankimo. Amaoneka oyera pang'ono koma tizilombo timakhala tikadali momwemo, amene amamaliza kusefa ndi dothi la pa poloti panupo, ndiye dothilo likakana ndalama zonse za thanki zija zalowa m'madzi.

Sokawe, dzenje lomwetsera madzi otuluka mu thankiwo m'dothi, ndi imene aliyense amathamangira chifukwa ndi yotchipa komanso siidya malo. Dzenje lakuya, njerwa zoyala mosiya mipata kapena miyala yodzaza, silabu pamwamba, basi. Kumtunda kwa katondo, dothi lofiira lija lomwe likungofumbutuka ukalifinya, sokawe imagwira ntchito zaka ndi zaka osadandaula ndipo sindikuinyoza. Koma ili ndi zofuna zake ziwiri zimene ogulitsa mapoloti satchula. Pansi pa dzenjelo pakuyenera kutsala dothi louma la mita imodzi ndi theka musanafike pa madzi a pansi, ndipo madziwo tikunena a mu Febuluwale osati a mu Okutobala. Chachiwiri, kuchoka pa sokawe kufika pa chitsime kapena mjigo pakhale mamita 30 kapena kuposa, sokaweyo ili kumunsi chitsime kumtunda.

Tsopano tengani poloti ya mamita 15 by 30 imene madobadoba amaikonda kwambiri chifukwa pa ekala imodzi amatulutsapo ambirimbiri. Kuchoka pa kona kufika kona ina mopingasa ndi mamita 33 ndi theka. Ndiye kuti chitsime chikhale pa geti penipeni, sokawe ku kona ya kumbuyo yotsutsana nayo, mwangokwanitsa pang'onong'ono, koma mwaiwala kuti neba wa kumbuyo naye akumba chitsime chake pamene iye wafuna, mwina mamita 5 okha kuchoka pa sokawe yanu, mpanda wa njerwa suletsa madzi a pansi. Kumene kwafika mapaipi a Central Region Water Board vutoli limachepako, koma mapoloti atsopano ambiri ali kunja kumene mapaipi sanafike, ndipo ngakhale kumene afika anthu amakumbabe chitsime chodalira madzi akasiya. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, si nkhani yoti tiziyesa ya kunyanja kokha.

Thanki yotseka, ija yongosunga zonse osatulutsa madzi kupita m'dothi, ndi imene ndili nayo mkwiyo, ndipo ndinene poyera kuti apa sindiweruza mwachilungamo. Ndili ndi nyumba ya lendi cha kumunsi kumene mtunda umayamba kutsetsereka kulowa ku dambo. Wogulitsa anandionetsa malowo m'chilimwe, pouma gwa, akulumbira kuti pano madzi sadikha, chonsecho iyeyo anakulira pomwepo ndipo ankadziwa bwinobwino kuti dzinja likafika pamamera udzu wa m'dambo. Sokawe inakumbidwa, mvula itakhazikika inayamba kudzaza kuchokera pansi, alendi akagejemula madzi akubwerera m'chimbudzi, kuseri kwa nyumba kuli chithaphwi chakuda chonunkha ana akudumpha popita ku sukulu. Dothi la pamenepo ndi makande, ndipo dzenje la m'makande lili ngati mtsuko, zimene wathiramo zimangokhala momwemo. Pulambala wina anati yankho ndi losavuta bwana, tipulasitale zonse titseke, ikadzaza muzingoitana galimoto yopopa.

Zimene sananene ndi mmene imadzazira msanga. Werengani nokha, banja la anthu 6 aliyense atagwiritsa ntchito malita 50 okha patsiku, kugejemula, kusamba, kuchapa, ndi malita 300 patsiku, pamwezi 9,000. Sepitiki yokhala ndi sokawe yabwino imapopedwa patapita zaka chifukwa mumangotsala matope, koma yotsekayi mukulipira kunyamula madzi osamba pa galimoto mwezi ndi mwezi. Ndiye palinso ndalama yobisika. Pa foni eni galimoto amakuuza mtengo wa tiripi imodzi, iwe nkumati zatheka, akafika ndi pamene umamva kuti thanki yakoyi siitha tiripi imodzi, komanso pali ya mafuta yowerengera mtunda, wopopa amene ndinamupeza ine anachokera ku Lilongwe ndiye mtundawo anawerenga kubwera ndi kubwerera komwe. Tsiku lina galimotoyo inatitimira m'kanjira kolowera chifukwa odula mapoloti anasiya msewu wopapatiza wopanda ngalande, ya thirakitala yodzakoka inagweranso ine. Lendi ya miyezi ya dzinja imathera m'chimbudzi. Komanso thanki yopopedwa mpaka pansi pamene madzi a m'nthaka ali pamwamba imakankhidwa ndi madziwo, ikhoza kung'aluka kapena kutukuka ngati ndi ya pulasitiki, ndipo ikangong'aluka madzi a dambo amalowa nkuidzazanso inu musanagejemule nkomwe. Aliyense wokuuzani za thanki yotseka pa nyumba yogona anthu mufunseni ngati azikulipirirani galimoto.

French drain ndi imene ine ndimaikonda, ngakhale mabilidala ambiri kuno amaizemba ati ndi yotopetsa. M'malo mwa dzenje limodzi lakuya mumakumba ngalande zazitali zosazama, zosapitirira mita, kuyalamo miyala ya kwale, pamwamba pake paipi ya mamilimita 110 yoboolaboola yotsetsereka pang'ono kwambiri, kenako kukwirira. Ubwino wake madzi amamwazikana m'dothi la pamwamba mmene muli mpweya ndi tizilombo todya zonyansazo, ndipo chifukwa siizama imasiya mpata waukulu pakati pake ndi madzi a pansi. Pamalo pamene sokawe ya mamita atatu ikugunda madzi, French drain ikhoza kupulumuka. Cha kumapazi a phiri la Kasungu kumene umakumba pang'ono nkugunda thanthwe, nayonso ndi imene ingatheke bola dothi la pamwamba likhale lokwanira. Kuipa kwake ndi malo. Kawerengedwe ka ku UK kamati pa dothi lapakatikati banja la anthu 6 lifunika pansi pa ngalande pokwana masikweya mita 60, osawerengera mipata ya pakati pa ngalandezo, ndipo pamwamba pake simumangapo boys quarter, simuimikapo galimoto, simudzalapo bulugamu kapena malaina chifukwa mizu imalowa m'paipi. Pa 15 by 30 yomwe yonse ndi masikweya mita 450, mukachotsa nyumba, khitchini ya panja ndi poimika galimoto, palibe chotsala. Pa 30 by 30 zimakwana bwinobwino mpaka kutsala malo ena osungira, chifukwa sokawe ndi French drain zonse zimadzatsekeka ndi matope akuda onanda amene amamatirira m'makoma pakapita zaka, ndipo tsiku limenelo mudzafuna pokumba pena.

Kuyeza dothi sikufuna injiniya. Kumbani dzenje lalikulu lozama mamita awiri kapena kuposa m'dzinja, Januwale kapena Febuluwale, mulivindikire muone ngati madzi akutuluka okha. Ngati mukukumba m'chilimwe yang'anani mtundu wa dothi m'khoma la dzenjelo, likakhala lotuwa lokhala ndi timadontho ta dzimbiri ndiye kuti madzi amafika pamenepo chaka chilichonse ngakhale lero pali pouma. Kenako pa kuya kumene paipi idzadutse kumbani kadzenje ka masentimita 30 mbali zonse, dzazani madzi madzulo agone, m'mawa dzazaninso ndipo muwerenge nthawi imene madzi atsike masentimita 15 a pakati. Mwa muyeso wa ku UK womwe uja, akatsika pasanathe mphindi 40 dothilo ndi lothamanga kwambiri, mchenga wotere umapititsa zonyansa ku chitsime zisanasefedwe. Akapitirira maola anayi ndiye makande aja, iwalani. Chapakatipo ndi chabwino. Ndipo musayeze malo amodzi pa munda wonse, madera athu ano a Dwangwa ndi Bua munda umodzi umayamba katondo kumtunda, pakati mchenga wotuwa, kumunsi makande, poloti nambala 1 ndi nambala 12 si dothi limodzi.

Sepitiki imodzi yogawana mapoloti angapo pa pepala ndi nzeru, koma ikadzaza palibe amene amayankha foni.

Mapoloti a m'mphepete mwa dambo, ngati mwaumirira kuwagulitsa, muuzeni wogula zoona kuti pano chimbudzi chogejemula sichitheka, amange cha Skyloo chokwera pamwamba chothira phulusa chija, madzi osamba apite ku nthochi. Ambiri amachinyoza ati ndi cha kumudzi, koma sichibwerera m'nyumba mu Febuluwale. Kupanda apo lumikizani poloti ya kumunsi ndi ya kumtunda ikhale imodzi yaitali, nyumba ndi ngalande kumtunda, kumunsi dimba.

Kwa amene muli ndi munda ndipo saveya sanabwere, ine ndingati dothi liyambe layezedwa, mizere ibwere pambuyo. Kumtunda kwa katondo kumene madzi ali kutali komanso kuli mapaipi a Water Board, 20 by 30 ndi sokawe zikhoza kuyenda. Kumene anthu azidalira zitsime musatsike pa 30 by 30, ndipo pa pulani yomweyo lembani kuti masokawe onse azikhala mzere wa kumbuyo moyang'anizana, mjigo umodzi wa onse kumtunda pa malo ake osiyidwa dala, m'malo moti aliyense azikumba kake. Lamulo la Physical Planning la 2016 limafuna kuti kugawa malo kudutse ku ofesi ya mapulani, ndiye kapulani kojambula pa kope ndi dobadoba kaja musakadalire, pitani nayo ku khonsolo aione. Msewu wolowera ukhale woti lole yopopa ija itha kulowa ndi kutembenuka m'dzinja, ndipo thanki ikhale mbali imene paipi ya galimoto ifika, osati kuseri kwa nyumba kumene adzachite kugumula mpanda. Ndikudziwa kuti mukatero pa ekala mutulutsa mapoloti ochepa ndipo dobadoba wanu akwiya, msiyeni akwiye, iyeyo komishoni akalandira nambala amasintha, amene ogula adzamudziwe pakhomo pake ndi inu mwini munda.