mempool.space: kumene ndinakaipeza ndalama yanga ili pamzere

Tsamba la mempool.space, loonerapo malipiro a Bitcoin, ndinalidziwa chifukwa cha mkangano. Ndinali ndi ngongole kwa alamu anga, ndipo tinapangana kuti ndiwabwezere mu Bitcoin. Ndinatumiza madzulo, waleti n'kundiuza kuti yapita, ine n'kukagona mtima uli m'malo. Kutacha ndinapeza uthenga: "Alamu, kuno sikunafike kanthu." Ndinawatumizira screenshot. Anandiyankha kuti screenshot aliyense angathe kuipanga. Zinandiwawa, koma ankanena zoona.

Pansi pa zomwe waleti inalemba panali chingwe chachitali cha zilembo ndi manambala osakanikirana, zonse pamodzi 64. Chimenecho amati txid, ndipo ndi dzina la malipiro amenewo pa netiweki yonse. Ndinachikopera, ndikutsegula mempool.space, ndikuchimata m'kabokosi kofufuzira kamene kali pamwamba. Sanandifunse dzina, imelo kapena pasiwedi. Ndinangomata, tsamba n'kutseguka.

Chinthu choyamba chimene maso amagwera ndi mabokosi ondandalikana chopingasa, ndipo pakati pawo pali mzere woima chilili wowagawa pawiri. Mbali ina kuli mabuloko, kutanthauza magulu a malipiro olembedwa pamodzi m'kaundula wa Bitcoin, amene anakumbidwa (anatsimikizidwa) kale, lililonse ndi nambala yake, kuchuluka kwa malipiro amene analowamo, mphindi zimene zapita chikumbidwire, ndi dzina la gulu la okumba (eni makompyuta opanga mabuloko) limene linalipeza. Mbali inayo kuli mabuloko amene sanabadwe. Amenewa ndi kuyerekeza kwa tsambali kuti mwa onse amene akudikira, ndani alowe m'buloko lotsatira, ndani lachiwiri, ndani atsalire. Malo odikirirawo ndiwo amatchedwa mempool, ndipo tsambali linatenga dzina pamenepo. Kamuvi kakang'ono kankaloza pamene panali ndalama yanga. Inali m'bokosi lakumapeto kwenikweni, lija limene amaunjikamo otsalira onse.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kulakwa kwanga, ndipo ndikuganiza kuti palibe tsamba lina limene likanandionetsa bwino chonchi. Ine ndinkaganiza kuti chaji ya Bitcoin imayenda ndi kuchuluka kwa ndalama imene ukutumiza. Ayi ndithu. Imayenda ndi malo amene malipiro ako akutenga m'buloko, ndipo amaiyeza mu sat/vB, kutanthauza masatoshi angati pa kachigawo kamodzi ka malowo. Bitcoin imodzi ili ndi masatoshi 100,000,000. Buloko lili ndi malire a kukula kwake, limatuluka pafupifupi mphindi khumi zilizonse, ndipo okumba amayamba kutenga amene alipira zambiri. Ine potumiza ndinasankha chaji yotsikitsitsa imene waleti inandilola, n'kumadziona wochenjera. Tsikulo ndinalipira 3 sat/vB pamene amene ankalowa m'buloko lotsatira ankalipira kupitirira 20. Aliyense wobwera pambuyo panga ndi chaji yokwererapo ankangondidumpha. Pansi pa mabokosiwo tsambali limalemba chaji zoyenera panthawi imeneyo, ya wofulumira, ya wapakati ndi ya amene sali pachangu. Ndikanayang'ana pamenepo ndisanatumize, alamu sakanandikayikira.

Ndinawatumizira linki ya tsambalo, osatinso chithunzi. Anaitsegula pafoni yawo, anaona adiresi yawo, ndalama yake yeniyeni, ndi mawu osonyeza kuti sinatsimikizidwe. Anangoti, "Chabwino alamu, ndaiona." Mkangano unathera pomwepo, ndalama isanafike n'komwe. Kwa ine phindu lalikulu la explorer, tsamba loonerapo malipiro ngati limeneli, lili pamenepa. Mawu anga kapena a waleti yanga munthu angawakane, koma zimene iye mwini akuona m'kaundula amene makompyuta ambirimbiri padziko lonse akusunga mofanana, sangandinene kuti ndajambula.

Koma nditayang'anitsitsa, mtima unagunda. Tsambali limajambula malipiro ngati mitsinje, ina yolowa, ina yotuluka. Kolowa kunali mtsinje umodzi waukulu. Kotuluka kunali iwiri: wina waung'ono wopita kwa alamu, ndi wina, waukulu kuposa woyambawo, wopita ku adiresi yoyamba ndi bc1q imene sindinaionepo chibadwire. Ndinatuluka thukuta m'manja. Ndinati basi, andibera, wina walowa m'waleti. Ndinathamangira kukaona ndalama yotsala, ndipo inali yonse bwinobwino, kungochotsapo ya alamu ndi chaji. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti imeneyo inali chenji changa. Bitcoin siichotsedwa pang'onopang'ono ngati madzi m'ndowa. Zimene unalandira zimakhala m'zibuthu, ndipo ukafuna kulipira, chibuthu chonse chimagwiritsidwa ntchito, chotsala n'kubwerera kwa iwe pa adiresi yatsopano imene waleti yako yapanga yokha. M'kaundulamo simulembedwa kuti ichi ndi chenji, ichi ndi cha wolandira. Ndiye munthu woyamba kumene, konzekerani kuti mudzadzidzimuka pamenepa ngati ine. Tsambali linapangidwa poganizira anthu amene akudziwa kale mawu ngati UTXO (zibuthu zija) ndi vB, ndipo ngakhale lili ndi gawo la mafunso ndi mayankho, munthu wa mantha sawerenga mafunso ndi mayankho.

Pafupi ndi chaji panali kachizindikiro kolembedwa RBF. Kameneka kamasonyeza kuti malipirowo angathe kulowedwa m'malo ndi ena okhala ndi chaji yokwera. Kusinthako sikuchitikira pa explorer, kumachitikira m'waleti mwako. Ndinabwerera, ndikukweza chaji mpaka imene tsambali linkanena, ndipo ndinapatsidwa txid yatsopano. Chimene ndinakonda n'chakuti nditatsegula linki yakale ija, sinangosowa ayi, inandiuza kuti malipirowa alowedwa m'malo, n'kundilozera atsopanowo. Kamuvi kaja kanali katasamukira m'bokosi loyamba, pafupi ndi mzere woima uja.

Kenaka kudikira. Mphindi khumi zimene amanenazo ndi zongoyerekeza. Nthawi zina mabuloko awiri amatuluka motsatizana mphindi imodzi isanathe, nthawi zina theka la ola limadutsa kuli zii. Tsikulo ndinakhala chiyang'anire foni ngati mlonda, mpaka bokosi lija linasuntha, n'kuoloka mzere, n'kusintha mtundu. Chitsimikizo choyamba. Buloko lililonse lobwera pamwamba pake limawonjezera chimodzi, ndipo chizolowezi cha anthu ambiri ndi kudikira zisanu ndi chimodzi ngati ndalamayo ndi yaikulu. Alamu anakhutira ndi ziwiri. Eni tsambali alinso ndi njira yolipiritsa yofulumizitsira malipiro okakamira, koma ine sindinaigwiritse ntchito chifukwa RBF inandikwanira.

Patapita masiku alamu anandilembera akuseka: "Alamu, ndiye mumalandira pafupipafupi chonchi, ngongole yanga n'kumachedwa nayo?" Anali atadina pa adiresi imene ndalama inachokera. Ndinkagwiritsa ntchito adiresi imodzi yomweyo polandira kwa anthu osiyanasiyana, ndipo zonse zinali poyera, tsiku ndi tsiku, ndalama ndi ndalama. Explorer silemba dzina la munthu, koma amene wadziwa kuti adiresi iyi ndi yako wadziwa mbiri yake yonse kuyambira pachiyambi. Kuyambira pamenepo ndimapereka adiresi yatsopano nthawi iliyonse. Ndipo kumbukiraninso kuti tsamba lililonse limene mukufufuzapo lingathe kuona kuti amene akufunsa adiresi yakutiyakuti ali pa intaneti iti. Pankhani imeneyi mempool.space ndiiyamikira. Ili ndi khomo lolowera kudzera pa Tor, njira yobisa kumene munthu akulowera pa intaneti, ndipo pulogalamu yake ndi yotseguka kwa aliyense, moti amene ali ndi node yakeyake (kompyuta yosunga kaundula yense wa Bitcoin) angathe kuiika pa kompyuta yake n'kumafufuza osauza munthu. Ine sindinafike pamenepo.

Chimene tsambali silichita ndinene mwachidule. Silisunga ndalama, silibweza ndalama yopita ku adiresi yolakwika, ndipo silidzakufunsani mawu 12 kapena 24 achinsinsi amene ali kiyi wa waleti yanu. Mukaona tsamba looneka ngati explorer likupempha mawu amenewo kuti "limasule" ndalama yokakamira, ndi akuba. Ine dzina la tsambali ndimalilemba ndekha, sindidina malinki otumizidwa ndi anthu osawadziwa.

Ndi la Bitcoin basi. Tsiku lina alamu anamata txid ya USDT, ndalama ina ya pa intaneti, imene inatumizidwa pa netiweki ya Tron, ndipo sanapeze kanthu. Ayambanso kudandaula kuti yasowa. Sinasowe, ankafunsa pakhomo polakwika. Ya Tron, imene maadiresi ake amayamba ndi T, mumakaiona pa Tronscan. Ya Ethereum, ya maadiresi oyamba ndi 0x, mumakaiona pa Etherscan. Etherscan ndaigwiritsapo ntchito kangapo, ndipo imakuuza zambiri, mpaka kukuonetsa malipiro amene analephera koma chaji yake n'kudyedwa ndithu, monga zimachitikira pa Ethereum. Koma kwa maso anga ndi nkhalango ya manambala. Blockchair imafufuza manetiweki angapo pamalo amodzi, zimene zimathandiza ngati sukudziwa kuti txid ili m'manja mwako ndi ya kuti. Pa Bitcoin yokha, ine ndimabwerera ku mempool.space chifukwa cha mabokosi aja. Pafoni umayenera kuwakankha ndi chala kuti uone ena, koma amaoneka bwino.

Masiku ano ndimalitsegulanso ngakhale ndisanatumize kanthu, kungocheza. M'kabokosi kofufuzira muja mungathe kulembamo nambala ya buloko. Lembani 840000, muone buloko la mu Epulo 2024 limene mphotho ya okumba inatsika kuchoka pa 6.25 BTC (chidule cha Bitcoin) kufika pa 3.125 BTC, monga imachitira pakatha mabuloko 210,000 alionse. Anthu analimbirana malo m'buloko limenelo moti chaji zokha zinapitirira 37 BTC, kuposa mphothoyo kakhumi. Ndikaganiza za 3 sat/vB yanga ija ndimaseka ndekha. Lembani 0, mufike pa buloko loyambirira la pa 3 Januwale 2009, muli malipiro amodzi okha a 50 BTC ndi mutu wa nkhani wa nyuzipepala ya The Times ya tsiku lomwelo, wonena za boma la Britain kufuna kupulumutsanso mabanki.

Koma limene ndimalikonda ndi buloko 170, la pa 12 Januwale 2009, pamene Satoshi Nakamoto, amene anayambitsa Bitcoin, anatumiza 10 BTC kwa Hal Finney, mmodzi mwa oyamba kuigwiritsa ntchito. Nditalitsegula koyamba ndinaona chithunzi chomwe chija chimene chinanditulutsa thukuta: mtsinje umodzi wa 50 BTC kolowa, iwiri kotuluka, wa 10 wopita kwa Hal Finney, ndi wa 40 wobwerera kwa mwini wake. Chenji. Ndinawatumizira alamu linki yake. Anayankha kuti zimenezo n'zabwino, koma akufunsa ngati ndingawabwerekeko iwonso mwezi uno, poti anaona kale kuti ndili nazo.