Kerbal Space Program patatha miyezi isanu: nkhani yonse ili pa kutera

Ndakhala ndikusewera gemu imeneyi madzulo ndikaweruka ku ntchito ku Limbe, ndipo ndaona kuti ndilembeko zimene ndapeza, makamaka pa nkhani yoteretsa chombo pa mwezi, poti n'chimene chinandikopa kuti ndiigule. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi.

Kwa amene simukuidziwa, Kerbal Space Program inayamba kutuluka mu 2011 ndipo inamalizidwa mu 2015. Roketi umapanga wekha, kulumikiza chidutswa ndi chidutswa: thanki ya mafuta, injini, miyendo, parachuti, ndi kachipinda kokhalamo tianthu tobiriwira totchedwa ma Kerbal. Dziko lawo ndi Kerbin, ndipo lili ndi miyezi iwiri, Mun ndi Minmus. Mayinawa ndi ongopeka, koma kayendedwe ka zinthu n'kofanana ndi ka mlengalenga weniweni. Pa Mun mphamvu yokokera zinthu pansi ndi 1.63, pamene pa mwezi wathu uwu ndi 1.62. Choncho zimene umavutika nazo pa sikirini zili pafupi kwambiri ndi zimene akatswiri amavutika nazo.

Kukweza roketi m'mwamba ndinakuphunzira m'sabata imodzi. Ukadutsa makilomita 70 mpweya wa Kerbin watha, umapendeketsa chombo, n'kuyamba kuzungulira dziko. Kufika ku Mun nakonso sikunanditengere nthawi. Koma kutsika kuchoka pamene ukuzungulira Mun mpaka miyendo kugunda dothi, chombo chili chilili, kunanditengera masabata atatu.

Vuto lake ndi ili. Pa Mun palibe mpweya, ndiye parachuti ilibe ntchito. Ukamazungulira pafupi ndi nthaka umakhala ukuthamanga mamita oposa 500 pa sekondi, ndipo liwiro lonselo uyenera kulipha ndi injini yokha, utatembenuza chombo kuti moto uziloza kumene ukupita. Aliyense amene anatsikapo mapiri a msewu wa ku Chikwawa pa galimoto yodzaza katundu akudziwa mmene mtima umakhalira ukamadalira mabuleki. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno buleki iliyonse imadya mafuta. Ukayamba kuponda msanga, uli m'mwamba kwambiri, mafuta amatha usanafike ndipo umagwa ngati mwala. Ukachedwa, injini imalephera kugwira liwiro lonse ndipo umamenyetsa pansi. Pakati pa ziwirizi pali kampata kochepa, ndipo gemu yonse, kwa ine, ili m'kampata kameneka.

Chinandipha kambirimbiri poyamba chinali chipangizo chosonyeza kutalika. Chimawerenga kuchokera pa mulingo umodzi wa pansi, osati kuchokera pa phiri limene lili kunsi kwako, pamene mapiri ena a pa Mun ndi atali kuposa Sapitwa kuwirikiza kawiri. Umaona chikulemba mamita 3,000, iwe n'kumati nthawi ilipo, chonsecho nthaka yafika kale. Pali kabatani pambali pake kosinthira kuti chiziwerenga kuchokera pa nthaka yeniyeni. Kadineni musanayambe kutsika. Chinanso ndi kampira ka pansi pa sikirini, kamene amati navball: liwiro lake liikeni pa Surface, osati Orbit, apo ayi muzitera chombo chikuyenda cham'mbali osadziwa, ndipo mwendo umodzi ukangokhudza dothi chimagubuduka.

Tsiku limene ndinatera bwino koyamba linali Loweruka, kunyumba ku Chilomoni. Magetsi anali atazima kuyambira masana, laputopu ikuyendera batire, ndipo mwana wa mchemwali wanga, amene ali folomu 2, anali atakhala pambali panga pa mkeka. Tinagawana ntchito: ine zala pa Shift ndi Ctrl, kuwonjezera ndi kuchepetsa moto, iye maso pa manambala.

"Ankolo, 40. 31. Mafuta atsala pang'ono zedi."

"Werenga liwiro lokha, mwanawe, za mafuta ndaziona."

"18. 12. Chithunzithunzi chija chaoneka!"

Chithunzithunzi cha chombo chinaonekadi pa dothi lotuwa, kakang'ono, kakubwera kudzakumana nafe. Ndinaona kuti pamene tikulunjika ndi m'mbali mwa chidzenje, potsetsereka, ndiye ndinapendeketsa pang'ono n'kusunthira kutsogolo, mafuta akupita. Tinagunda pansi pa mamita awiri pa sekondi. Chombo chinagwedezeka, mwendo umodzi unanyamuka n'kubwerera, kenako zii. Ndinadina X kuzimitsa injini. Mnyamatayo anadzuka n'kuthamangira kukhitchini kukauza mayi ake kuti tafika pa mwezi, ndipo ine ndinapeza kuti manja anga anyowa thukuta.

Usiku womwewo ndinamufotokozera za Apollo 11, kuti pa 20 Julaye 1969 Neil Armstrong anaona kuti kompyuta ikuwatengera pamalo odzaza miyala ikuluikulu, n'kuyamba kuwongolera yekha chombo kufunafuna poyera, Buzz Aldrin akumuwerengera manambala, mafuta atatsala ochepa. Nkhaniyi ndinkaidziwa kuyambira kusukulu, koma ndinali ndisanaimve m'thupi. Ngakhale masiku ano kutera sikunapepuke: mu Ogasiti 2023 chombo cha Russia, Luna 25, chinaphwanyika pa mwezi, ndipo patangopita masiku ochepa, pa 23 Ogasiti, Chandrayaan-3 ya ku India inatera bwinobwino. Ukasewera gemuyi umamvetsa chifukwa chake anthu m'zipinda zoyang'anira zija amakumbatirana n'kulira.

Langizo limene ndikanakonda wina akanandipatsa pa tsiku loyamba n'lakuti muyambire ku Minmus, osati ku Mun. Minmus ili kutali, ndipo njira yake ndi yopendama ndi madigiri 6, choncho kuipeza kumafuna kuwongola pang'ono panjira. Koma mphamvu yake yokokera pansi ndi 0.49 yokha, ndipo ili ndi zigwa zazikulu zosalala ngati dambo louma la mu Okutobala. Umatsika pang'onopang'ono, nthawi yoganiza ilipo, ukalakwitsa umakonza. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaphunzira kumeneko, Mun simudzaiopanso. Komanso chombo choterera chizikhala chachifupi, chotambalala miyendo. Zazitali zoonda zimaoneka bwino pa malo onyamukira, koma zikatera potsetsereka zimagwa. Ndipo muziteretsa kumbali kumene kuli dzuwa, chifukwa mumdima simuona dzenje kapena chithunzithunzi chanu.

Kwa ife a kuno pali chinthu china chachikulu. Ndisanagule iyi ndinayesako Elite Dangerous, gemu ina ya zombo za mlengalenga, kwa mnzanga wa ku Namiwawa. Kuyambira pamene anawonjezera gawo la Horizons mu 2015, nayonso imalola kutera pa mapulaneti opanda mpweya, n'kutsitsa kagalimoto koyendera pa miyala, ndipo kukongola kwake Kerbal sangakufike. Koma imafuna intaneti nthawi yonse, ngakhale ukusewera wekha, komanso kompyuta yamphamvu. Ndi mmene mabandulo alili, ine sindikanakwanitsa. Kerbal Space Program ukangoidawuniloda kamodzi, basi, umasewera popanda intaneti. Ine ndinaigula pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, nthawi imene mtengo unatsitsidwa, n'kuidawuniloda pa bandulo ya usiku. Kusiyana kwina n'kwakuti mu Elite chombo chako chili ndi mphamvu zambiri ndipo chimakuthandiza kuyandama, pamene kuno dontho lililonse la mafuta unaliwerengera wekha usananyamuke, ndipo ukalakwitsa masamu umakazindikira uli kale pamwamba pa Mun.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, gemuyi si yongotsegula n'kuyamba kusangalala. Maphunziro ake oyambira alimo, koma mawu monga apoapsis, periapsis ndi delta-v ndi Chingelezi cholimba, ndipo Chichewa mulibe. Mwana payekha akhoza kutopa nayo pasanathe masiku awiri. Ine ndinachita kumumasulira mphwangayu kuti apoapsis ndi pamene chombo chatalikira kwambiri pozungulira, periapsis ndi pamene chayandikira kwambiri, ndipo delta-v ndi kuchuluka kwa liwiro limene mafuta ako angakugulire. Atamva choncho anayamba kuwerengera yekha kuti kutera pa Mun kumafuna delta-v ya mamita pafupifupi 600 pa sekondi, kunyamukanso chimodzimodzi. Chachiwiri, roketi ikakhala ya zidutswa zambiri, laputopu ya wamba ngati yanga imatentha ndipo zithunzi zimayamba kudukiza. Kunja kukatentha ndimaikweza pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Zolowera batani la F5 losungira pamene wafika, makamaka usanayambe kutsika, chifukwa batire ikatha uli pakati pa ulendo umabwerera kutali. F9 ndi yobwezeretsa pamene unasunga.

Ngati muli ndi mwana amene amakonda masamu ndi fizikisi, kapena inuyo muli ndi mtima wofuna kudziwa mmene zinthu zimayendera, iguleni, ndipo muyambe ndi gawo la Science, limene limakupatsani zipangizo pang'onopang'ono m'malo mokuunjikirani zonse nthawi imodzi. Ngati mukufuna gemu yowomberana kapena yothamangitsana, iyi si yanu.

Ife tsopano maso ali ku Duna, pulaneti yofiira yofanana ndi Mars. Kumeneko mpweya ulipo koma ndi wopyapyala, moti parachuti imachepetsa liwiro koma pamapeto pake umafunikabe kuyatsa injini, monga mmene zinakhalira poteretsa pa Mars timagalimoto tofufuzira, Curiosity mu 2012 ndi Perseverance mu 2021. Pulaneti ina yotchedwa Eve taisiya kaye, chifukwa kutera n'kosavuta ndi mpweya wake wochindikala, koma kunyamukako n'kovuta kuposa kwina kulikonse. Mphwanga wajambula kale chombo cha ku Duna kumapeto kwa kope lake la masamu, cha miyendo inayi yotambalala ndi maparachuti asanu ndi limodzi, ndipo tagwirizana kuti tichimange Loweruka likubwerali akamaliza homuweki.