Play-Doh pakhonde pathu: miyezi itatu ya kuumba

Azakhali ake a mwana wanga atabwera ku Khirisimasi kuchokera ku Johannesburg, anamubweretsera tizitini tinayi tachikasu ta Play-Doh, choseweretsa chofewa ngati dongo chimene ana amaumbira zinthu. Mwanayu ali ndi zaka 3, ndipo dzinja lonseli wakhala akusewera nayo, choncho ndili ndi zoti ndinene.

Tsiku loyamba mvula inali ikugwa. Ndinayala mkeka pakhonde, ndinamuvula diresi n'kumusiya ndi kabudula. Ananunkhiza kaye. Kenako anatsina kachidutswa kofiira, n'kumakakulunga m'dzanja monga timachitira ndi mbamu ya nsima, n'kuboola pakati ndi chala chachikulu kuti atapire ndiwo. "Amayi, idyani, ndaphika." Mwana amene sakhala pansi mphindi zisanu anakhala pamenepo ola lathunthu.

Chimene ndaikondera kwambiri ndi kufewa kwake. Tizala tosakhwima timaikanya popanda kupempha thandizo, simata m'manja, ndipo sinathimbirize chovala chilichonse. Tizidutswa tikagwera pasimenti, mumangotidinda ndi chibulumwa chachikulu, timatoleka. Pamkeka pokha m'pamene ndinaphunzirapo: imalowa m'mipata ya bango, ndiye mumadikira iume kuti muikokote. Pano timasewerera m'thireyi.

Analawa ndithu, n'kulavula msanga chifukwa cha mchere. Zopangira zake zazikulu ndi ufa wa tirigu, mchere ndi madzi, choncho mwana amene tirigu samuyanja musamupatse. Pachitini analemba kuti ndi ya ana a zaka 2 kupita m'tsogolo, komabe wamng'ono chotero musamusiye yekha. Zinandisangalatsa kudziwa kuti poyamba sichinali choseweretsa ayi: ku Cincinnati, ku America, ankachotsera mwaye pamapepala omata m'makoma a nyumba, mpaka mu 1956 pamene anayamba kuigulitsa kwa ana. Lero imapangidwa ndi kampani ya Hasbro.

Pasanathe milungu iwiri mitundu yonse inali itasakanizidwa, zonse zangooneka ngati matope. Ine mtima unandipweteka, mwiniwake ayi. Usiku wina tinaiwala kuvindikira kachitini kamodzi, m'mawa kanali katachita khambi pamwamba. Ndinadonthezera timadzi pang'ono n'kukanda mpaka kanafewanso.

Agogo ake ataiona anaitembenuza m'manja, amvekere, "Mwananga, si dongo lomweli ili?" Sananame. Ife tinkakumba dongo kudambo n'kuumba ng'ombe zalinunda ndi timiphika tamasanje, tikayanika padzuwa zinkalimba. Apa dongo likuposa: Play-Doh ikauma imang'aluka, sinapangidwire kusunga. Koma dongo limafuna zala zamphamvu ndi beseni la madzi pambuyo pake. Kwa wazaka 3, m'nyumba ya lendi, mvula ili mkati, tizitiniti tandithandiza.

Itayamba kuchepa ndinayesa kupanga yanga. Ufa wa chimanga sugwirana, musadzivutitse. Makapu awiri a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya mchere, masupuni awiri a mafuta ophikira, madzi ofunda pang'onopang'ono, ndi timadontho ta kala ya makeke. Imaumbika bwino, ngakhale siyosalala ngati yogula, ndipo kukatentha imafunika kontena yotseka bwino pamalo ozizira. Ikhale patali ndi galu, mchere wochuluka choterewu ungamudwalitse.

Kodi mugule? Ine ndikuti inde, koma paketi yaing'ono ya tizitini tokha ndi yokwanira. Zija zobwera ndi timakina sitinazisowe. Ife timadinda ndi zitsekerero za mabotolo, foloko, chipeso chakale ndi masamba a mango, ndipo botolo la sobo lopanda kanthu ndiye chosalazira chathu.

Loweruka lapitali agogo anabwera ndi dongo lenileni m'jumbo. Anakhala naye pansi pa mtengo wa mango, matope mpaka m'zigongono, akumuonetsa mopindira nyanga. Ng'ombe ziwirizo zili pawindo zikuuma, ndipo m'mawa uliwonse amakazigwira kuti aone ngati zalimba.