PACS kapena ukwati ku France: kusiyana kwake kuli pati?

Ku France, anthu awiri okhala limodzi amasankha pakati pa ukwati ndi PACS, mgwirizano wovomerezeka ndi lamulo wokhalira limodzi, womwe unayamba mu 1999. Kuyambira mu 2017, PACS nayo imalembetsedwa ku ofesi ya meya, ndipo kaya ndi ukwati kapena PACS, awiriwo amawerengeredwa msonkho pamodzi.

Nkhani ili pothetsa. PACS mmodzi akhoza kuithetsa yekha, bola mnzakeyo adziwitsidwe kudzera kwa mtumiki wa khoti. Ukwati suthawika chonchi. Ngakhale mutagwirizana zothetsa ukwatiwo, aliyense amafunika loya wake.

Koma PACS imaluma pakagwa maliro, ndipo apa ine ndimaikayikira. Popanda wilu, wotsalayo salandira chuma cha malemu, penshoni yake sayiona n'komwe. Wamasiye wa muukwati akhoza kulandirako gawo la zonsezi.