Ma qtree pa ONTAP: Ansible kapena pulogalamu yolemba nokha?

Qtree ndi kachigawo ka m'kati mwa volume (chigawo chachikulu chosungiramo mafayilo) pa makina osungira deta a NetApp ONTAP, ndipo kalikonse kakhoza kukhala ndi quota yake (malire a malo) komanso security style yake (mtundu wa zilolezo za mafayilo): unix, ntfs kapena mixed. Volume imodzi imanyamula ma qtree pafupifupi 5,000, choncho kuwapanga pamanja n'kudzitopetsa chabe.

Ndi Ansible, pulogalamu yomwe imakonza makina motsatira malangizo olembedwa, mumagwiritsa ntchito gawo lake lotchedwa na_ontap_qtree. Mumalemba mu fayilo ya YAML (fayilo ya malangizo ya mawu osavuta kuwerenga) dzina la qtree, volume, SVM (seva ya m'kati mwa ONTAP yomwe ili ndi volumeyo) ndi export policy (malamulo a makompyuta ololedwa kufika pa mafayilo). Mukaiyendetsanso, zomwe zilipo kale monga mwalembera siizikhudza. Ine ndimaikondera pamenepa, chifukwa mnzanu wogwira usiku amawerenga fayiloyo n'kumvetsa osakudzutsani. Chenjerani ndi state: absent yokha (lamulo loti qtree isakhalepo), popeza ikhoza kufufuta qtree pamodzi ndi mafayilo a anthu.

Njira ina ndi kulemba nokha pulogalamu ya Python yolumikizana ndi REST API (khomo lomwe mapulogalamu amatumizira malamulo ku ONTAP), yomwe inabwera ndi ONTAP 9.6 mu 2019, kudzera pa /api/storage/qtrees. Ufulu ulipo wambiri, makamaka ngati pempho la malo likuchokera ku pulogalamu ina ya kampani. Koma kuona ngati qtree ilipo kale, kudikira job (ntchito yomwe ONTAP yayamba) ithe, kubwereza zikalephera, zonsezo muzilemba nokha. Wolembayo akasiya ntchito, akonza ndani?