Siteshoni ya sitima ya Balaka: ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5

Ndine mayi wa geni. Ndimagula mpunga ndi matemba mbali ya Nayuchi, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, n'kumadzagulitsa kuno ku Balaka. Chaka chino ndakwera sitima kasanu kuchokera pa siteshoni yathuyi, choncho ndati ndilembeko zomwe ndaona kuti ena amene amangoimva kulira usiku adziwe kuti imanyamulanso anthu.

Ndiyambe ndi nkhani ya ndalama chifukwa ndiyo idandikokera kumeneko. Tikiti ya sitima ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kudumphadumpha pa minibasi, kenako njinga yamoto, kenako kabaza. Koma phindu lenileni lili pa katundu. Pa minibasi, thumba lililonse ndi mkangano ndi kondakitala, ndipo likafika limakhala litapondedwa, mpunga utatayikira pansi pa mipando. Ku siteshoni katundu amamulipiritsa payekha, amakupatsa kapepala, umasunga m'chikwama, basi. Matumba anga anayi adafika onse ali omanga monga ndidawamangira. Bambo amene adandigulitsa tikiti tsiku loyamba adaona kuti ndine mlendo pa zimenezi, adandiuza kuti, "Mayi, katunduyo muikiretu apa, bogi yake imaima chapompano." Mawu ochepa, koma adandipulumutsa ku kuthamanga ndi thumba pamutu.

Siteshoniyo ili m'tauni momwe, sufunika kubwereka galimoto. Akabaza, omwe ku Balaka ndi ochuluka ngati nyerere, amakutula pakhomo penipeni. Tsiku la sitima malo onse amasanduka msika: amayi a mandasi, nthochi, chinangwa chophika, anyamata a madzi ozizira. Fikani molawirira. Balaka ndi kotentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mthunzi umathera kwa amene afika msanga. Tengani chitenje choyala pansi ndi botolo la madzi.

Agogo anga aamuna ankakonda kunena kuti Balaka adabadwa ndi njanji, msewu udabwera pambuyo. Njanji yochokera ku Blantyre idapitirira pano n'kukafika ku Salima mu 1935. Mu 1970 adatsegula ina yoyambira pa Nkaya, kumwera kwa tauni yathu, kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi pa malire ndi Mozambique, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kuti katundu wa dziko lino azitulukira pa doko la Nacala. Ndiyo njanji imene ine ndimayendamo lero. Balaka adadzakhala boma paokha mu 1998 atapatulidwa ku Machinga, ndipo chaka chotsatira, mu 1999, boma la Malawi lidapereka ntchito yoyendetsa sitima m'manja mwa kampani yomwe si ya boma. Ndikakhala pa benchi pa siteshoni paja ndimawakumbukira agogowo, chifukwa iwo ankakwerera pomwepo popita kukasaka ganyu ku Limbe.

Kusintha kwakukulu kwabwera ndi malasha. Adamanga njanji yatsopano kuchokera ku Moatize, komwe amakumba malashawo m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kulowa m'Malawi n'kudzalumikiza pa Nkaya, ndipo chigawo cha Nkaya mpaka Nayuchi adachikonzanso kuti chizipirira sitima zolemera. Ife okwera tapindula nazo: ukangodutsa Nkaya, kugwedezeka kumachepa, mwana amagona tulo pamiyendo. Powoloka Shire pa Liwonde anthu amathamangira ku mawindo, ndipo tsiku lina tidaona mvuu zitatulutsa mitu m'madzi. Mwana wanga wamng'ono mpaka lero amaifotokozabe nkhaniyo kwa anzake.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha nthawi. Njanji ndi imodzi, sitima ziwiri sizingapambanitsane paliponse, ndiye ya anthu imaima pambali kudikira kuti ya malasha idutse. Ndipo sitima za malashazo ndi zazitali zedi, ndidayesa kuwerenga mabogi ake ndidalekera panjira. Ndikumvetsa kuti malasha ndiwo amabweretsa ndalama zosamalira njanji, sindikutsutsa. Komabe mtima umandiwawa ndikaona agogo okalamba ndi amayi oyembekezera atakhala m'bogi dzuwa lili pamutu. Chachiwiri, sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse. Ukaiphonya, wadikira masiku. Musadalire zomwe wakuuzani mnzanu pa WhatsApp, pitani nokha ku siteshoni dzulo lake mukafunse tsiku ndi ola.

Chimene ndikadakonda kuona pa siteshoni yathu si zinthu zapatali ayi. Denga lalitali loti anthu onse abisalemo dzuwa ndi mvula, mipando yowonjezera, mpopi wa madzi pafupi, ndi bolodi lalikulu lolembapo masiku a sitima m'Chichewa ndi m'Chiyao, popeza ambiri okwera njira ya Nayuchi ndi Ayao. Pamwamba pa zonse, ulendo wina wowonjezera pa sabata. Midzi ina ya m'mbali mwa njanjiyi nthawi ya dzinja msewu wake umakhala matope okhaokha, sitima ndiyo imawafikitsa ku chipatala ndi ku msika. Ndidakhalapo pafupi ndi mayi wina amene ankapita ndi mwana wodwala ku Liwonde, adandiuza kuti kukadapanda sitima akadamubereka kumsana tsiku lonse.

Kwa amene akuthamangira msonkhano wa ola lakutilakuti, kwerani basi. Kwa wa geni ngati ine, wa katundu wambiri, kapena kholo lofuna kuonetsa ana Shire ali pa mlatho, sitima ya pa Balaka ndikuivomereza ndi mtima wonse. Ine ndikwerenso mwezi wamawa mpunga watsopano ukayamba kutuluka.