Kuwoloka pa Mwanza: basi yaikulu, galimoto yanuyanu, kapena kudumphadumpha?

Pa chipata cha Mwanza ndimadutsapo kawiri kapena katatu pa mwezi, kupita ku Tete, nthawi zina mpaka ku Harare. Kuchokera mu Blantyre muno ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kudzera pa Lirangwe n'kupatukira pa Zalewa, ndipo msewuwo suvuta. Tsiku limakathera pa boda. Njira zitatu zonsezi ndaziyenda, ndipo ndaona kuti kudinda pasipoti kumatenga mphindi zochepa chabe. Chimene chimakusunga ndi katundu ndi mapepala, makamaka zikakhala za anthu ena.

Ndiyambe ndi basi yaikulu, popeza ndi imene ambiri timaikhulupirira. Mumakhala pampando umodzi kuyambira mu tauni mpaka kumene mukupita, simulimbana ndi oitanira, katundu wanu ali pansi motetezeka. Koma basi siinyamuka mpaka munthu womaliza atamaliza. Inu mwina mwadinditsa kalekale, mwagula chimanga chootcha, mwadya mpaka chitsononkho chatsala m'manja, komabe mukudikira mayi wina amene pasipoti yake ili ndi funso, kapena bambo amene malisiti ake sakugwirizana ndi zimene zili m'matumba. Pobwerera kumudzi ndiye pamakhala ntchito yeniyeni: katundu yense amatsitsidwa, a MRA ayang'ane, oyenera kulipira msonkho alipire, kenako akondakitala apakirenso chimodzichimodzi. Basi yochokera ku Joni imakhala itapirira kale zomwezi pa Beitbridge ndi pa Nyamapanda, choncho ikamafika pa Mwanza anthu mitima ili m'mwamba. Komabe ngati mwanyamula mabelo asanu, musadzinamize, njira yanu ndi imeneyi. Kuchedwako mukulipira nako mtendere wosasenza.

Galimoto yanuyanu imaoneka ngati ufulu, ndipo ufuluwo ulipodi ngati mapepala munawakonzera kunyumba. Pamafunika blue book, laisensi, kalata ya mwini galimoto ngati si yanu, ndi chikalata cha apolisi chosonyeza kuti galimotoyo si yobedwa. Mukafika pa Zobue, chipata cha mbali ya Mozambique, mumatenga chilolezo choti galimoto ilowe kwa kanthawi, n'kugulanso inshuwalansi ya m'dzikomo. Pamenepa ndi pamene ambiri amapunthwa. Amabwera ndi Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto ya mayiko a mu bungwe la COMESA, ali ndi chikhulupiriro chonse, poti inawagwirira ntchito ku Zambia ndi ku Zimbabwe, osadziwa kuti Mozambique sili mu COMESA. Ndiye mizere imene munthu woyenda wapansi amaima umodzi, inu mumaima itatu. Onjezerani mathiraki amafuta ndi a makontena ochokera ku doko la Beira amene amadzaza msewu mbali zonse, mupeza kuti mphindi zina zikungothera pofuna poimika. Ine galimoto ndimatenga tikakhala anthu atatu kapena anayi: wina athamangire mapepala a galimoto, ena akhale pa mzere wa pasipoti. Pandekha ayi.

Njira yachitatu ndimaitcha kudumphadumpha. Mumakwera minibasi pa Wenela mpaka pa Mwanza, mumatsika, kudinditsa, kukwera njinga yamoto kudutsa makilomita angapo amene ali pakati pa zipata ziwirizi, kudinditsanso pa Zobue, kenako kukwera chapa, minibasi ya kumeneko, yodzera ku Moatize mpaka mu Tete. Palibe amene mukumudikira pa windo, ndipo palibe pepala la galimoto limene likukukhudzani. Kangapo konse ndaisiya basi yaikulu itaima pa Mwanza, ine n'kukawoloka mlatho wa Samora Machel pa Zambezi iyo isanaonekere. Zovuta zake n'zodziwika. Chapa siinyamuka isanadzaze, choncho mukafika dzuwa litapendeka mudzakhala pamenepo mukuwerenga mipando yopanda anthu. Mumafunikanso kukhala ndi ma meticais ang'onoang'ono, ndalama za ku Mozambique, m'thumba, chifukwa kusintha ndalama mothamanga pamsewu ndi mmene anthu amabedwera masana. Ndipo nthawi ya mvula, njinga yamoto ndi chikwama cholemera sizigwirizana.

Ena amafunsa za border pass. Imeneyo imathandiza anzathu okhala m'mphepete mwa malire amene akungopita kumsika kapena kumaliro kutsidya. Kwa ife a mu Blantyre opita kutali, pasipoti ndiye chida, ndipo muziyang'ana masamba otsala. Woyenda pafupipafupi zidindo zimamudyera buku lisanafike n'komwe tsiku lothera ntchito.

Mnzanga wina amene amagula katundu ku Chipata, m'dziko la Zambia, amandiseka ndikamafotokoza zonsezi. Pa Mchinji ndi Mwami, chiyambire pamene apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula chipata cha malo amodzi mu December 2022, munthu amaima kamodzi, maofesala a mayiko awiri n'kumuthandizira m'nyumba imodzi. Nsanje ndili nayo, sindibisa. Koma Mchinji sikundifikitsa ku Tete, ndipo ngakhale kumeneko basi yodzaza ndi katundu imadikirabe kuti katunduyo aonedwe.

Ngati mukundifunsa chimene ndimasankha: ndikakhala ndi chikwama chimodzi, kudumphadumpha nthawi zonse, ndipo ndimanyamuka pa Wenela kusanache kuti ndifike pa windo mabasi aakulu asanatsitse anthu awo. Mphindi 20 zokha zimasiyanitsa kukhala wachitatu pa mzere ndi kukhala kumbuyo kwa anthu 60. Ndikakhala ndi katundu wambiri, ndimakwera basi, malisiti onse ali mu envulopu imodzi, mndandanda wa zimene ndagula nditalemberatu ndi mitengo yake, kuti amene akuchedwetsa anzake asakhale ine. Galimoto ndimaitulutsa pa ulendo wa banja, ngati umene tili nawo mwezi wa mawa, ndipo chikalata cha apolisi ndayamba kale kuchilondola.